Kubwezera mtundu pa chinthu chakale: ndi chisamaliro kapena bodza?

Sabata ino mpata ndi wanga, ndipo funso ndabweretsali ndi la ife a pamsika, ngakhale likukhudzanso aliyense amene anapakapo polishi pa nsapato yotha. Ukatenga chinthu chakale n'kuchikonza kuti chioneke ngati chatsopano, wachisamalira kapena wanama? Ndilowera pa mfuti. Musadzidzimuke, si ya asilikali ayi, ndikunena zija za mpweya zoombera mbalame ndi makoswe, zothyola pakati n'kuikamo kachipolopolo kamodzi kamtovu.

Mfuti zoterezi zikamachoka ku fakitale, chitsulo chake chimakhala chakuda mowala ngati nthenga za khwangwala. Ambiri amayesa penti, koma kawirikawiri si penti. Azungu amati bluing, ndipo chimene chinandidabwitsa ine n'chakuti mtundu umenewo ndi dzimbiri lomwe. Dzimbiri lilipo lofiira, lija limadya malata ndi makasu mpaka kuboola. Lilipo linanso lakuda, lomwe limamatirira pa chitsulo osafufuma, ndipo limasunga oilo. Amisiri akale ankachititsa dala chitsulo dzimbiri lofiira, kenako n'kuchiwiritsa m'madzi, lofiira lija n'kusanduka lakuda. Amapukuta, n'kuyambiranso, kwa masiku angapo. Mafakitale a masiku ano amamiza chitsulo m'madzi a kositiki soda osakaniza ndi michere ina, owira pafupifupi madigiri 140. Zimenezo si zochitira pakhonde pali ana.

Za pakhonde ndi zimene amati cold blue, mankhwala a m'kabotolo ongopaka osatenthetsa. Odziwika ndi monga Perma Blue ya Birchwood Casey ndi Oxpho-Blue ya Brownells, onse a ku America. M'kati mwake muli selenium ndi kopa, ndipo chimene amasiya pa chitsulo si dzimbiri lakuda lenileni lija, ndi kachikopa kopyapyala kofanana nalo maonekedwe. Kamafufutika msanga, ndipo popanda oilo sikaletsa dzimbiri. Odziwa mfuti amati ndi mankhwala oyenera kuzigambira timalo tating'onoting'ono. Ndiye mwaona kale pamene funso langa lagona: mankhwalawa ntchito yake yaikulu ndi maonekedwe.

Kwathu kuli mfuti ya malemu bambo athu, BSA Meteor. Kampani yake ndi ya ku Birmingham ku England, inayamba mu 1861, ndipo inkapanganso njinga zakapalasa ndi zamoto. Mchimwene wanga, amene sanagwirepo ntchito yotere chibadwire, anaitanitsa kabotolo kudzera mwa m'bale wathu wa ku Joni. Anachotsa thabwa la mfutiyo basi, mkati sanatsegule, chifukwa sipulingi yake imakhala yofinyika ndipo ikhoza kukuvulaza ikafwamphuka. Anatseka kukamwa kwa mpope kuti mankhwala asalowe, anavala magolovesi poti mankhwalawa ndi poizoni, n'kuyamba kukwecha dzimbiri ndi sitiliwaya wofewa kwambiri. Kenako kutsuka mafuta onse ndi sipiriti. Kupaka kwenikweniko ndi kwa miniti imodzi yokha: wapaka, chitsulo chada uli kuyang'ana, watsuka ndi madzi, waumitsa, wakwecha pang'ono, wabwereza kanayi kapena kasanu. Pomaliza oilo, n'kuisiya igone.

Chimene ndinaona tsiku limenelo ndi chakuti kabotoloko pakokha sikadziwa kunama. Pamene anagwira ndi chala asanapake, panatsala banga looneka bwinobwino, mankhwala anakana kugwira pa mafuta a chalacho. Timaenje timene dzimbiri linakumba sitinatsekeke, tinangoda, mwina n'kuonekera kuposa kale. Kuti timaenjeto tichoke pamafunika sandipepa, kudya chitsulo mpaka chisalale. Tsono sandipepayo sasankha. Amadya dzimbiri, amadyanso zilembo za dzina la kampani ndi nambala ya mfuti, ngodya zakuthwa n'kusanduka zobulungira. Amene akufuna kuti mfuti isaoneke zaka zake ayenera kufufuta zomwe zimanena kuti ndi yani ndipo inachokera kuti. Apo ndiye ine ndimayamba kukayikira.

Tibwere pamsika, pamene ndimakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Tonsefe timakongoletsa katundu. Wa tomato amapukuta ndi kansalu, wa kaunjika amachapa n'kusita, wa nsapato amapaka polishi. Palibe angati ameneyo ndi wabodza, ndipo amene sachita zimenezi timamuti waulesi. Koma alipo ena amagula majinzi akuda osuluka, n'kukawanyika mu dayi kuseri kwa nyumba usiku, m'mawa n'kuwapachika pa mtengo wa jinzi losasuluka. Wogula amakazindikira tsiku lochapa, madzi a m'beseni atada bii. Alipo omanga mulu wa tomato wabwino pamwamba, wophwanyika pansi. Makolo anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere zina timaikamo ndife.

Ukawafunsa amakuyankha kuti, "Ine sindinanene kuti ndi latsopano, wadzionera yekha." Yankho limeneli ndalimva kambirimbiri ndipo silindikhutitsa. Pakamwa panu sipananene, inde, koma munatuma dayi kuti akuyankhulireni, ndipo ndalama ya bodzalo inalowa m'chikwama chanu, osati cha dayi. Ine muyeso wanga ndi uwu: kodi zimene ukuchitazo ungachite wogula ataima pomwepo akukuona? Tomato ndimapukuta kasitomala akuyang'ana, iye n'kumasankha. Dayi uja n'chifukwa chiyani amadikira mdima?

Koma ndisadzipange woyera pano, chifukwa mbali inayo ndikuidziwa kulemera kwake. Belo yakwera mtengo, ukatsegula upeza theka ndi zosagulika. Chiphaso cha msika walipira kale, lendi ikudikira, mwana wabwezedwa ku sukulu. Ukanena chilungamo kuti jinzi ili ndaliika dayi, kasitomala amangosuntha mapazi atatu kukagula kwa mnzako amene wakhala chete, jinzi lake lili la dayi lomwelo. Kunena zoona kuli ndi mtengo, ndipo amene amaulipira kawirikawiri ndi wosauka kwambiri pamzerepo. Akuluakulu ogulitsa mafoni okonzedwanso m'makatoni onyezimira palibe amawaloza chala. Choncho sindinganyoze mayi wa dayi ngati kuti ine sindinagonepo ndi njala. Ndingoti njala imafotokoza chifukwa chake wachita, koma wogula uja nayenso ali ndi lendi yake, ndipo ndalama wamutengerayo inali ya ndiwo.

Pali chinthu china choseketsa pa nkhani ya mfutizi. Ku Britain ndi ku America kuli anthu osonkhanitsa mfuti zakale, ndipo iwo kawirikawiri amalipira zambiri pa mfuti yokhala ndi mtundu wake wa ku fakitale, ngakhale utafufutika, kusiyana ndi yopakidwanso. Ena amachita kuinunkhiza, poti cold blue amasiya kafungo kake. Kwa iwo wopaka uja waononga. Ndiye taonani, kuno tikudetsa jinzi losuluka kuti lioneke latsopano, pamene m'mashopu akugulitsa latsopano atalisulutsa dala n'kuling'amba m'maondo, mtengo wake wokwera. Kumene kuli ndalama, maonekedwe amathamangira komweko, kaya ndi ku utsopano kaya ndi ku ukale. Koma wogula jinzi long'ambidwa dala amadziwa chimene wagula, eti? Palibe wamubisira kanthu.

Mpaka pano ndalankhula za kugulitsa. Nanga ngati sukugulitsa, chinthucho n'chako, ungamunamize ndani? Poyamba ndinkati palibe, paka mmene ungafunire. Koma mfuti ya kwathu ija inali ndi malo amodzi pafupi ndi kukamwa kwa mpope pamene mtundu unatheratu, chitsulo chili mbee. Si dzimbiri ayi. Mfuti yothyola pakati umaigwira pamenepo poikoka, ndipo dzanja la bambo linagwira malo amenewo zaka zonse zija ankathamangitsa makoswe ku nkhokwe. Mchimwene wanga atafika pamenepo ndi kathonje kake, amayi anati, "Iwe, pamenepo usapake." Iye anati, "Amayi, pakhala poonekera, ngati chigamba." Anangoti, "Paonekere."

Kwa mchimwene wanga kusamala mfuti ya bambo kunali kuibwezera mmene inalili tsiku limene anaigula. Kwa amayi, mfuti ya tsiku logula inali isanakhale ya bambo, inali ya m'sitolo. Inakhala yawo ndi kufufutikako. Sindikuona kuti wina mwa awiriwa analakwa, ndipo sindivomereza anthu amene amati chakale chisakhudzidwe n'komwe. Dzimbiri lofiira silidziwa za chikumbutso, ukalisiya limadya ndi malo a dzanja omwewo. Kungoyang'ana chinthu chikuola uku ukunena kuti ukulemekeza mwini wake, nthawi zambiri ndi ulesi chabe. Komanso pali kukonza kwina kumene kumachotsa munthu pa chinthu chake mpaka osatsala ndi chala chomwe, ngati mmene ena amasesera nyumba ya malemu sabata isanathe.

Anapaka ponse n'kusiya pamenepo. Malo osapakawo ndi amene tsopano amafuna ntchito yambiri, chifukwa chitsulo chosavala chimachita dzimbiri msanga, makamaka nyengo ya mvula, ndiye mwezi uliwonse mchimwene amaitsitsa n'kuipukuta ndi kansalu ka oilo. Mwezi watha kunabwera munthu wofuna kuigula. Mchimwene anamuuza kuti mtunduwo wapaka yekha ndi cold blue ndipo udzafufutika. Munthuyo anatsitsa mtengo chifukwa cha zimenezo, kenako anaona malo oyera aja n'kufuna kutsitsanso, akuti ntchito sinamalizidwe. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba, anamva zonse. Sanakweze ndi mutu womwe, anangouza mchimwene kuti aibwezere pamwamba pa kabati.