THONJE LA M'THENGO: KODI CINTHU COPANDA PHINDU NCOYENERA KUSUNGIDWA?

Thonje limene alimi a ku Chipata, Katete ndi Petauke abzala m'minda yao makolo ace ali ku Mexico ndi maiko oyandikana nako. Mitundu ya thonje pa dziko lapansi ili ngati 50, koma yolimidwa ndi anthu ndi 4 yokha. Yotsalayo imera yokha m'zipululu za Australia, Arabia, Africa ndi America, ndipo yambiri ilibe ulusi woti munthu nkupota. Moto, mbuzi ndi makasu zilikuiononga pang'ono pang'ono.

Anthu ophunzira za zomera amayenda maulendo aatali kukafuna mitundu iyi. Kawirikawiri afika pamene citsamba cilibe njere, kapena njere zace zadyedwa ndi tizirombo. Pamenepo adula kanthambi kokhala ndi mfundo, nakatsuka ndi mankhwala opha nkhungu, nakaika m'kabotolo kotsekeka, pa cakudya congati phala lozizira la shuga ndi mcere wa zomera. M'menemo kanthambiko kaphuka, pambuyo pace katulutsa mizu, ndipo kabzalidwa m'dothi kufikira kabala njere.

Wina adzafunsa, Kodi kumeretsa comera m'botolo si kulanda nchito ya Mulungu? Iai. Mai wobzala phesi la cinangwa kapena kholowa la mbatata acita comweco. Moyo uli kale m'mfundomo, ndipo anauikamo ndiye Mlengi, munthu angousamala.

Funso lolemera ndi ili: bwanji kutaya cuma pa tchire losabala ulusi, pamene ana alikugona ndi njala? Yankho loyamba nlakuti phindu limabisala. Ku Tanzania ndi Uganda kuli thonje lokwawa lochedwa Gossypium longicalyx, lopanda ulusi wa malonda, koma mizu yace siigonja kwa tinyongolotsi tina ta m'nthaka. Akatswiri a ku America anakwatitsa mtunduwu ndi thonje la m'munda, ndipo m'caka ca 2007 anatulutsa mbeu yotengera mphamvuyo. Citsambaco cikadatha, mphamvu yace ikadatha naco.

Koma yankho ili lokha silikwanira, pakuti mitundu ina mwina siidzapindulitsa munthu ku nthawi zonse. Nowa sanauzidwe kusankha nyama zodyedwa zokha. M'cingalawa munalowanso zokwawa ndi zodetsedwa. Adamu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Munthu ndiye kapitao, ndipo kapitao alibe ufulu wa kutaya katundu wa mwini cifukwa iye sanaone nchito yace.

Nzeru iyi si yacilendo m'midzi. Agogo amapacika cimanga ca mbeu pamwamba pa moto, osacidya ngakhale m'mwezi wa njala. Ku Chalimbana, pafupi ndi Lusaka, kuli nyumba yosungiramo mbeu za maiko a kumwera kwa Africa. Mkristu amene asunga mapira, nzama ndi maungu a makolo, ndi kuleka kutentha tchire mwacisawawa, ali m'nchito yomweyo, ndipo adzakhala naco cakuonetsa pamene Mwini munda adzafunsa za ukapitao wace.