Ngongole ya Mlendo pa Nkhondo ya Eni Mudzi

M'midzi ya ku Namitete, Nsaru ndi Kabudula, kumene anthu adalira fodya ndi chimanga kuyambira kale, makolo ambiri amalakalaka kuti mwana wao akaphunzire ulimi ku Natural Resources College, kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe. Mwa ophunzira ulimi a m'Malawi, ena akhala akutumizidwa ku Israel kukakhala pafupifupi chaka m'minda ya Ayuda, kumene madzi amafika pa tsinde la mbeu modontha kudzera m'timipope, chipululu nichibala tomato. Chibale cha maiko awiriwa si cha dzulo ai. Alangizi a ku Israel anathandiza kuphunzitsa a Malawi Young Pioneers m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1973, pamene maiko ambiri a mu Africa anadula chibale ndi Israel, Malawi sanatero.

Tsono pa 7 Okutobala 2023 ankhondo a Hamas anatuluka ku Gaza, napha anthu pafupifupi 1,200, nagwira ena pafupifupi 250. Sanasiyanitse Myuda ndi mlendo. Ophunzira ulimi 10 a ku Nepal anaphedwa pa mudzi wa Alumim, ndipo anyamata awiri a ku Tanzania, amene anali atangofika mu Sepitembala kudzaphunzira ku Nahal Oz ndi ku Nir Oz, anaphedwanso. Nkhondo ili mkati, mu Novembala, achinyamata 221 a m'Malawi anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Ambiri anadzudzula ulendowo, koma amene alibe feteleza m'nyumba amayesa zoopsa ndi muyeso wina.

Mnyamata wa ku Nsaru akakhala kumeneko, lipenga lochenjeza likalira usiku, amathamangira m'chipinda cha konkire pamodzi ndi eni munda. M'menemo mulibe bwana, mulibe wantchito: nkhalamba ya Chiyuda, makanda ndi Mchewa onse akhala pansi namvetsera kuphulika. Akaitanidwa Lachisanu madzulo ku chakudya cha Sabata, amaona mai wa pakhomo akuyatsa makandulo, bambo nadalitsa vinyo ndi buledi. Ndipo ngati ali Mkatolika wotsata bwino Misa, adzazindikira kumene anachokera mapemphero amene wansembe amanena popereka mkate ndi vinyo pa guwa. Eni nyumba pomlandira chotere atsata buku la Levitiko, mutu 19, limene limawalamula kukonda mlendo, popeza iwonso anakhalapo alendo m'dziko la Farao.

Kodi wodya m'mbale imeneyi ali ndi ngongole yanji? Ali nayo, ndipo ndi yaikulu. Sangathenso kumvera mwakachetechete munthu wonyoza Ayuda ngati mtundu, kapena wonena kuti iwo onse ndiwo anapha Ambuye Yezu. Mau oipawa anakhala pakamwa pa Akristu zaka mazana ambiri, ndipo anabala imfa zosawerengeka. Eklezia anawakana poyera pa 28 Okutobala 1965, m'chikalata cha Nostra Aetate, pa nthawi ya Papa Paul VI. Ayenera kulira maliro a eni nyumba monga a abale ake, pakuti zidze pano n'zatonse.

Koma pali chimene nsima ya mwini mudzi singagule, ndicho mtima umene Mulungu anampatsa wodziwira chabwino ndi choipa. Kuseri kwa mpanda, ku Gaza, anthu zikwi makumi ambiri anafa pa nkhondoyi, ambiri a iwo akazi ndi ana amene analibe chipinda cha konkire chothawiramo. Mlendo akayamba kukondwera ndi imfa zimenezo poti wadya kwa Ayuda, ndiye kuti wabweza zoipa pa zabwino zimene anamchitira, chifukwa lamulo limene linamtsegulira iye chitseko silinanene kuti mlendo woyenera chifundo ndi wa mtundu wakuti. Nzoona kuti njira imeneyi ndi yovuta. Mwini nyumba amene waika mwana wake m'manda angakhumudwe kumva kuti mlendo wake amapemphereranso ana a ku Gaza, ndipo mnyamata wosauka, wodalira malipiro, ali ndi chifukwa choopera. Sikofunika kuti atsutsane ndi wofedwa pa chakudya. Chofunika n'chakuti asadzinamize yekha mumtima.

Alipo mlendo wina amene anayenda njira imeneyi poyera. Pierbattista Pizzaballa, wansembe wa ku Italy wa chipani cha Afransisko, anafika ku Jerusalem mu 1990 kudzaphunzira Malembo Oyera, naphunzira Chihebri pakati pa Ayuda, natumikira Akatolika olankhula chinenerocho. Mu Okutobala 2023, ali kadinala ndi mkulu wa Akatolika a mwambo wa Chilatini ku Jerusalem, ananena kuti ali wokonzeka kudzipereka yekha kwa a Hamas kuti ana ogwidwa amasulidwe. Pa 17 Julayi 2025 chipolopolo cha asilikali a Israel chinagwa pa tchalitchi la Banja Loyera ku Gaza, limene Papa Francis ankaliimbira lamya pafupifupi madzulo alionse kufikira imfa yake mu Epulo, ndipo anthu atatu anafa. M'mawa mwake kadinala yemweyo analowa m'Gaza kukapepesa ofedwa ndi kukaona ovulala.