Fakitale yanzeru ku Chongwe iyambe ndi kuyeza magetsi ndi madzi

Mawu akuti fakitale yanzeru amanena za malo opangira katundu pamene makina alumikizidwa ku kompyuta kudzera mu tizipangizo toyeza, totchedwa masensa, timene timawerenga kutentha, kunjenjemera, liwiro komanso magetsi amene makina aliwonse akudya, n'kumatumiza manambalawo nthawi zonse ku pulogalamu imene imawasanthula ndi kuchenjeza amisiri, mwinanso kusintha yokha kayendedwe ka ntchito. Ganizoli linatchuka mu 2011 pa chionetsero cha zamafakitale cha ku Hannover, m'dziko la Germany, pamene linapatsidwa dzina lakuti Industrie 4.0, ndipo linabadwira kumene malipiro ndi okwera, antchito akukalamba, koma magetsi sathima wamba. Chiyambi chimenechi chiyenera kukumbukiridwa, chifukwa luso lililonse limapangidwa kuti lipulumutse chinthu chimene eni ake akuchisowa, ndipo chimene chikusowa ku Germany si chimene chikusowa m'boma la Chongwe.

Boma limeneli lili kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, m'mphepete mwa msewu wa Great East umene umapita ku Chipata mpaka kumalire a Malawi, ndipo ndi dziko la Asoli, lolamulidwa ndi Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Kwa zaka zambiri linkadziwika ndi ulimi wa chimanga, ng'ombe zamkaka ndi nkhuku, koma mzinda wa Lusaka wakhala ukusefukira kumeneko, moti kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 300,000. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'bomali, ndipo pafupi nalo pali Lusaka East Multi-Facility Economic Zone, limene ndi dera lopatulidwa kuti makampani amangemo mafakitale ndi kupeputsidwa pa misonkho ina. Mu 2018 munatsegulidwanso fakitale ya simenti ya Sinoma, ya kampani yaikulu ya ku China. Choncho nkhani ya makina amakono si yakutali kwa anthu a ku Chongwe, ndipo funso latsala pa mtundu wa luso limene liyenera kuyamba kugulidwa, komanso pa amene adzakhale nalo m'manja likafika.

Chaka cha 2024 chinaonetsa poyera chimene chikusowa. Mvula itakanika, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, ndipo popeza gawo lalikulu la magetsi a Zambia limachokera ku madzi a Kariba ndi Kafue, kampani ya ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthanasinthana mpaka madera ambiri ankakhala mumdima maola oposa 20 pa tsiku. Madzi nawo ndi vuto lakale, chifukwa mtsinje wa Chongwe, umene tauni ya Chongwe imadalira, wakhala ukuphwa m'miyezi yotentha ya zaka zouma, anthu n'kumadikira madzi obwera pa galimoto. Chimene sichikusowa ndi manja. Achinyamata omaliza sukulu ofuna ntchito ndi ochuluka, ndipo amene angabweretse maloboti odula kuti achotse anthu khumi onyamula matumba, pamene fakitale yake imaima theka la tsiku chifukwa cha magetsi, ndiye kuti wachiza matenda amene kulibe n'kusiya amene akupha wodwalayo.

Phindu lenileni la masensa limaoneka bwino pa ntchito yopanga simenti. Miyala ya laimu imagayidwa, n'kusakanizidwa ndi dongo ndi zina, kenako n'kuwotchedwa m'ng'anjo yaitali yachitsulo imene imazungulira pang'onopang'ono usiku ndi usana pa kutentha kofika madigiri pafupifupi 1,450. Ng'anjo yotere siifuna kuimitsidwa mwadzidzidzi, chifukwa ikazizira mosakonzekera njerwa zapadera zimene zimateteza m'kati mwake zimang'aluka, chitsulo chake chikhoza kupindika, ndipo kuitenthetsanso kumatenga nthawi yaitali ndi malasha ambiri asanatuluke ngakhale thumba limodzi la simenti. Chimene chimaimitsa ng'anjo nthawi zambiri ndi kanthu kakang'ono, monga bering'i ya chikupizo chachikulu kapena mota ya chigayo cha miyala. Bering'i ikayamba kutha imasintha kanjenjemeredwe kake masabata angapo isanasweke, ndipo ngakhale khutu la mmisiri wodziwa limatha kumva kusinthako nthawi zina, kasensa kokhomedwa pamenepo kamakuona msanga ndiponso sikagona. Kukonza makina molosera, kutanthauza kusintha chitsulo chisanafe potengera manambala otere, kuli ndi mtengo wapatali ku Zambia kuposa ku Ulaya, chifukwa dzikoli lilibe doko, ndipo sipeya yaikulu imayenera kudzera ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban, n'kuyenda masiku ambiri pa msewu ndi kudikira pa zipata za m'malire. Mwini fakitale wa ku Germany amalandira sipeya mawa lake, pamene wa ku Chongwe akapanda kudziwiratu amaimitsa ntchito kwa milungu, antchito a ganyu n'kubwezedwa kunyumba opanda malipiro. Apa luso limateteza ntchito za anthu, ndipo ichi n'chifukwa chokwanira cholilandirira.

Zomwezi n'zoona pa magetsi ndi madzi. Mafakitale ambiri amadziwa bilu yawo ya mwezi wonse koma sadziwa makina amene akudya kwambiri, ndipo mamita aang'ono oikidwa pa mzere uliwonse amaulula mota yakale imene ikuwononga mphamvu, kapena paipi ya mpweya wopanikizidwa imene ikudontha osamveka m'phokoso la ntchito. Fakitale yodziwa manambala ake imatha kuika ntchito zolemera pa maola amene magetsi alipo, kusankha makina ochepa oyenera kuyendetsedwa ndi jenereta ya dizilo, ndi kuwerengera molondola kukula kwa magetsi a dzuwa amene ikufunika. Pa madzi nkhaniyo imatuluka kunja kwa mpanda wa fakitale, chifukwa mijigo yakuya ya makampani imamwa pansi pomwe midzi ndi minda imamwa, ndipo manambala oona a madzi otungidwa ndi otayidwa ayenera kuonedwa ndi bungwe la WARMA, loyang'anira madzi m'dzikomo, komanso ndi mafumu amene anapereka malowo. Luso limeneli silili la makampani akuluakulu okha, pakuti mwini chigayo, wopanga chakudya cha nkhuku kapena gulu la alimi osunga mkaka m'thanki yoziziritsa akhoza kuika kachipangizo kotchipa kotumiza uthenga pa foni kutentha kukakwera, ndipo mkaka wa tsiku lonse upulumuka.

Pali ena amene amati kuchedwetsa maloboti n'kudzimana mpikisano, chifukwa pansi pa mgwirizano wa malonda aufulu wa mu Africa, umene unayamba kugwira ntchito mu 2021, katundu wa ku Chongwe adzakumana pa msika ndi wa ku South Africa ndi Egypt, ndipo wogula sadzafunsa kuti anthu angati analembedwa ntchito pomupanga. Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndipo pali ntchito zimene makina ayenera kutenga popanda kuzengereza, monga kuima m'fumbi la simenti limene limawononga mapapo, kuyandikira ng'anjo yotentha, kapena kuyeza mankhwala kumene kulakwitsa pang'ono kumapha. Kamera yoona botolo lililonse losweka pa mzere wothamanga imachitanso zimene diso lotopa silingathe. Komabe chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo fakitale yonyezimira imene yapeputsidwa pa misonkho, yatenga malo aakulu a mudzi, yamwa madzi ndi magetsi osowa, koma yalemba anthu ochepa chabe a m'deralo kukhala alonda ndi osesa, siinabweze zimene inalandira. Boma la Zambia likamakhululuka msonkho limakhala likugula chinachake ndi ndalama za anthu, ndipo chimene likugulacho chiyenera kutchulidwa momveka.

Chinthu choyenera kugulidwa koposa ndi chidziwitso cha m'kati mwa makinawo. Makina amakono amayendetsedwa ndi timakompyuta tolimba totchedwa PLC, timene tinayamba kugwiritsidwa ntchito m'mafakitale a galimoto ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pulogalamu imene ili m'menemo kawirikawiri imatsekedwa ndi mawu achinsinsi amene amasungidwa ndi kampani yogulitsa. Zikatero mmisiri wa ku Zambia amatha kuona kuti nyali yofiira yayaka, koma sangatsegule kuti adziwe chifukwa chake, ndipo amayenera kudikira injiniya wochokera kunja amene amalipidwa m'madola. Manambala onse a fakitale amathanso kusungidwa pa makompyuta a kutsidya kwa nyanja, kotero kuti intaneti ikaduka kapena ndalama ya laisensi ikachedwa, mwini wake amalephera kuwerenga mbiri ya makina ake omwe. M'mibadwo yapitayi amisiri a m'dziko muno anaphunzira kumasula injini iliyonse ndi kuibwezeretsa, ndipo luso limenelo ndi limene linayendetsa zigayo ndi mathirakitala m'zaka zimene masipeya ankasowa; n'zopweteka kuganiza kuti ana awo akhoza kuima pafupi ndi makina abwino koposa koma oletsedwa kuwagwira.

Njira yopewera zimenezi ili m'mapangano, ndipo mabungwe oyenera alipo kale. Bungwe la Zambia Development Agency, limene limapereka ziphaso za kupeputsa misonkho, likhoza kufuna kuti kampani iliyonse yolowa m'dera la mafakitale ionetse chiwerengero cha amisiri a m'dzikomo amene idzawaphunzitse kulemba ndi kukonza mapulogalamu a makina ake, kuti mabuku a makinawo akhale m'Chingerezi chimene amisiriwo amawerenga, ndiponso kuti mawu achinsinsi aperekedwe kwa mwini fakitale pa tsiku lolandira makina. Bungwe la TEVETA, limene limavomereza maphunziro a ntchito zamanja, liyenera kuonetsetsa kuti wophunzira zamagetsi akutuluka atagwirapo sensa ndi PLC zenizeni, ndipo sukulu ya mainjiniya ya University of Zambia ili pa msewu wa Great East womwewo, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto kuchokera ku mafakitale a ku Chongwe, moti ophunzira ake akhoza kumathera miyezi ingapo ya maphunziro awo pambali pa ng'anjo ndi zigayo, akuwerenga manambala a makina amene adzawayang'anire akamaliza.