Sindinachire, Koma Ndikudya

Ine ndine mayi wa Mvano pa mpingo wa CCAP kuno ku Domasi, ndipo ndimalima mpunga kumunsi kwa chigwa, komwe mtsinje wa Domasi umatsikira ku nyanja ya Chilwa. Ndabwera kudzachitira umboni zimene Mulungu wandichitira, koma ndineneretu, kuopa wina angaimbe nthungululu nthawi isanakwane: matenda anga sanathe. Ndidakali nawo, ndipo ndidzakalamba nawo.

Anayamba mu 2019. Ndikameza mbamu ya nsima, inkaima pachifuwa osatsika. Ndinkati ndithirepo madzi, madziwo nawo n'kuima pomwepo. Usiku ndikagona, chakudya cha madzulo chinkabwerera chili chomwecho, chosagayika, nthawi zina kutulukira m'mphuno, ine n'kudzidzimuka ndi chifuwa chotsamwitsa. Njala inalipo, chakudya chinalipo, koma siketi ya yunifolomu ya Mvano inayamba kundivuka. Mayi akaonda pamudzi, nkhani zimachuluka. Ena ankati ndi kachilombo, ngakhale ndinayezetsa n'kupezeka ndilibe. Apongozi anga ankati wina anandidyetsa pamaliro. Chimene chinandipweteka kuposa zonse chinali tsiku la Mgonero, pamene kachidutswa ka mkate kanandikanika kumeza, ine n'kukhala nako mkamwa mpaka nyimbo itatha.

Bambo a kunyumba ankaopa khansa, ndipo mantha awo anali ndi maziko. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo nayo imayamba ndi kulephera kumeza. Pamudzi pathu tinaikapo anthu amene anayamba choncho.

M'zaka zimenezo sindinasowe ondilonjeza. Pa kachipatala kena kolipira anati ndi zilonda za m'mimba, ndimwe mapiritsi, zitha. Sizinathe. Achimwene anga, mwa chikondi chawo, anagulitsa mbuzi n'kundigulira mabotolo a mankhwala azitsamba amene ankalengezedwa pa WhatsApp kuti amatsegula kummero kotheratu. Mankhwalawo ankaima pomwe pankaima nsima. Ndimadabwa mpaka lero kuti munthu amagona tulo bwanji atagulitsa mankhwala akumwa kwa munthu wolephera kumeza.

Dzina la matendawa ndinakalimva ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Anandilowetsa kachubu kokhala ndi kamera kudzera pakamwa, ndipo chotupa sanachipeze. Kenaka anandimwetsa madzi oyera, olemera, otchedwa barium, n'kundijambula. Pachithunzipo njira ya chakudya inaoneka yofutukuka kumtunda, koma kumunsi inatha mosongoka, chimene madokotala amachitcha mlomo wa mbalame. Anati ndi achalasia. Polowera m'mimba pali mnofu wozungulira umene umayenera kumasuka munthu akameza. Mwa ine mitsempha youlamula mnofuwo inafa, choncho umangokhala chomangika, ndipo njira yonseyo inasiya kukankha chakudya. Ine mlimi ndinamva msanga: zili ngati geti ya ngalande kusikimu ikakana kutseguka, madzi amadzaza kumtunda, munda uli gwa kumunsi. Ndi matenda osowa: pa chaka amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100,000. Sapatsirana, ndipo sabwera chifukwa cha zimene munthu anadya.

Nditabwerera kumudzi ndi uthenga wakuti pali opaleshoni, malonjezo anayambiranso, tsopano ovala bwino. Wachibale wina wogwira ntchito zachipatala anati, "Akakungodulani basi, mudzadya kondowole ngati mtsikana." Ana anandionetsa mavidiyo pafoni, azungu akumwetulira ndi mbale zodzaza, akuti anachira tsiku lomwelo. Ndinapita ku Blantyre mu 2022 ndili ndi kondowole m'maganizo.

Apa ndi pamene pali dalitso limene ndabwera kudzanena. Opaleshoni isanachitike, dokotala wina wachinyamata, msinkhu wa mwana wanga woyamba, anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi langa. Anati, "Mayi, ndikufuna mumve bwino. Tidula mnofu uja kuti chakudya chizidutsa. Anthu ambiri amapeza bwino kwambiri. Koma mitsempha imene inafa sitingaidzutse. Chakudya chizitsika ndi kulemera kwake, osati ndi mphamvu ya kummero. Khomo likatseguka, asidi wa m'mimba akhoza kumakwera, muzimva chilungulira. Ndipo pakapita zaka, mwa ena vutoli limabwerera, n'kufunika kulikonzanso." Ndinamufunsa kuti, "Adokotala, ndiye kuti sindichira?" Iye sanazembe. Anati, "Muzidya, mayi. Koma matendawa sachizika."

Usiku umenewo ndinalira, ndipo ndinamukwiyira mwanayo. Onse ondinamiza ndinkawathokoza, koma uyu wondiuza zoona ndinamuona ngati wopanda chisoni. Ndinapemphera pemphero losalongosoka, lodandaula lokhalokha. Mulungu sanandiyankhe ndi maloto kapena mawu. Kunja kutacha, mtima unali utakhala pansi, ndipo ndinasaina pepala ndikudziwa chimene ndikusainira.

Zonse zinachitika monga ananenera. Ndinayamba ndi phala lamadzimadzi, kenaka nthochi, kenaka nsima yofewa. Chilungulira chitabwera, sindinathamangire kwa asing'anga kapena kuganiza kuti chikhulupiriro changa chaperewera. Ndinadziwa kuti ndi chija anandiuza, ndipo ndinakatenga mankhwala ake. Ndikunena izi chifukwa pa mzere wa kuchipatala ndinkakumana ndi bambo wina wa matenda omwewa, amene abale ake anamutsimikizira kuti opaleshoni ndi mapeto a zonse. Chakudya chitayambanso kuima, iye anati madokotala anamupusitsa, n'kusiya kubwera. Nditamuonanso pa msika wa Songani, ndinachita kumuzindikira ndi mawu.

Mwana wanga, amene ankaphunzira zauphunzitsi pa Domasi College of Education, anandiwerengera mbiri ya matendawa. Mu 1674 dokotala wa ku England, Thomas Willis, analemba za wodwala amene anamupatsa kandodo ka fupa la namgumi kokhala ndi siponji kunsonga, kuti azikankhira chakudya akatha kudya, ndipo munthuyo anakhala ndi moyo choncho zaka zambiri. Opaleshoni imene anandichita inayamba ndi Ernst Heller wa ku Germany mu 1913. Pali njira ina yofutukula mnofuwo ndi baluni, ina ya jakisoni wa Botox amene mphamvu yake imatha pakangopita miyezi, ndi ina yatsopano yodula kudzera pakamwa, imene inayambira ku Japan mu 2008. Zonsezi zimatsegula njira. Palibe imene imabwezeretsa mitsempha. Ndinaganiza za munthu wa kandodo uja, ndi za mibadwo ya agogo athu m'chigwa muno amene mwina anafa ndi njala nkhokwe zili zodzaza, osadziwa ngakhale dzina la chowapha. Ine Mulungu anandisunga kufikira nthawi imene chithandizo chilipo, ulendo wa minibasi chabe kuchokera pakhomo panga.

Lero ndimadya pang'onopang'ono, madzi ali pambali, ndili chikhalire chowongoka. Pa chakudya chathu cha Mvano ndimatsiriza anzanga atatsuka kale mbale, ndipo anazolowera. Madzulo ndimadya dzuwa lisanalowe. Bambo a kunyumba anaika njerwa pansi pa miyendo ya bedi ya kumutu kuti chakudya chisamabwerere usiku. Nyama yowuma ndi kondowole uja ndinazisiya. Matemba a ku Chilwa ndimadya ophika mpaka kufewa. Thupi linabwerera, khasu ndikugwira, ndipo mkate wa Mgonero ukutsika.

Mayi wina wa mumpingo anandinong'oneza kuti poima pano ndingonena kuti ndachira, kuti dzina la Ambuye likwezeke. Ndinamuuza kuti Ambuye sasowa bodza langa. Mtumwi Paulo anapempha kuti munga wa m'thupi mwake uchotsedwe, sunachotsedwe, koma ntchito anagwira. Komanso ndikanama, mwina pakati panu pali wina amene nsima yayamba kumuima pachifuwa, ndipo adzayembekezera zimene palibe dokotala angamupatse.

Kwa ameneyo ndikuti: musadikire kuonda. Yambirani pa chipatala chathu cha Domasi, kapena ku St Luke's ku Malosa, mupemphe kalata yoti akakuoneni m'kati. Kuno kwathu nthawi zambiri kulephera kumeza kumakhala khansa, ndipo imeneyo sidikira munthu. Mukafika kwa adokotala, afunseni kuti chithandizocho chitha chiyani ndipo chisiya chiyani. Ngati mukuopa kupita nokha, mundipeze tikatuluka muno, njira ndikuidziwa. Mwezi wamawa ndikupitanso kukaonedwa, ndiye mundikumbukire m'mapemphero, pamodzi ndi bambo a ku Songani aja, kuti abwerere kuchipatala. Ambuye alemekezeke. Amen.