Mfundo Zofunika: Kukhala ndi Kuyenda Mopanda Mantha M'nthawi ya Zigawenga

Amalawife ndi anthu a pamsewu. Amayi a geni amagona m'basi, kuwoloka pa Songwe, kukapikula zitenje ndi nsapato ku Kariakoo mu mzinda wa Dar es Salaam. Madalaivala a mathanki amatsikira ku Beira ndi ku Nacala kukatenga mafuta. Ophunzira, odwala ndi ogwira ntchito m'boma amasinthira ndege ku Nairobi. Ena mwa maiko amenewa analawapo nkhanza za zigawenga, ndipo kwa anansi athu a ku Mozambique vutoli lidakalipo. M'chigawo cha Cabo Delgado nkhondo inayamba pa 5 Okutobala 2017, pamene anyamata onyamula mfuti ndi zikwanje anaukira mapolisi a m'tauni ya Mocímboa da Praia, ndipo kuyambira pamenepo anthu oposa miliyoni imodzi akhala akuthawa m'midzi mwawo. Kusiya kuyenda sitingathe, chifukwa chakudya cha ana ambiri chimachokera m'maulendo omwewa. Mfundo zisanu ndi zitatu izi n'zoti tizilingalire tisananyamule chikwama.

1. Chigawenga chimapha ochepa pofuna kulamulira ambiri

Mbava ikaba imalakalaka nkhani itazizira msanga. Chigawenga chimafuna nkhani imveke kutali ndithu, ndiye chimasankha malo amene aliyense angadziyerekezere ali pomwepo. Pa 11 Julayi 2010 mabomba anaphulika ku Kampala pakati pa anthu amene ankaonera masewero omaliza a World Cup a Spain ndi Netherlands, ndipo anthu 74 anafa. Pa 21 Seputembala 2013, Loweruka masana, anthu a gulu la al-Shabaab analowa m'sitolo zazikulu za Westgate ku Nairobi makolo ali mkati mogulira ana zinthu, n'kupha anthu 67. Oonera mpira ndi ogula m'sitolo sanalakwire aliyense. Anasankhidwa kuti wina aliyense wokonda mpira kapena wolowa m'sitolo agwidwe nthumanzi. Mfuti zawo sizingafike pakhomo lililonse, choncho amadalira kuti mantha ayende okha, anthu adzitsekere okha, malonda aime okha. Mukadziwa kuti chimene akufuna kwa inu n'chimenechi, mumayamba kuona kuti muli ndi mphamvu yowamana.

2. Opani zinthu molingana ndi kukula kwake

Pa 11 Seputembala 2001 zigawenga za al-Qaeda zinalanda ndege zinayi ku America n'kupha anthu pafupifupi 3,000. Miyezi yotsatira anthu ambiri a m'dzikolo anaopa ndege, nayamba kuyenda maulendo ataliatali pa galimoto. Katswiri wa ku Germany, Gerd Gigerenzer, atawerengera anapeza kuti m'chaka chotsatiracho anthu pafupifupi 1,500 anafa pa ngozi za pamsewu kuwonjezera pa chiwerengero cha masiku onse. Anthuwa sanakumane ndi chigawenga chilichonse. Anafa chifukwa chothawa ngozi yosowa n'kulowa m'ngozi ya tsiku ndi tsiku.

Bungwe la zaumoyo la WHO limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse. Komabe munthu yemweyo amene akukana ulendo wa ku Nairobi poopa bomba amakwera kabaza wa njinga yamoto wopanda chipewa, kapena kukhala chete mu minibasi yodzadza mopyola muyeso dalaivala akuthamanga ngati wapenga pa M1. Imfa ya anthu ambiri nthawi imodzi imakhala pa wailesi sabata yathunthu, pomwe imfa za mmodzimmodzi sizitchulidwa n'komwe. Mtima umatsatira phokoso. Nzeru n'kuufunsa mtimawo kuti: kodi chimene chingandiphedi pa ulendo uno n'chiyani?

3. Dziko si mudzi umodzi, dziwani kumene mukupita

Tikamva kuti ku Mozambique kuli zigawenga, ena amaganiza kuti dziko lonse layaka. Chiwawa chakula kwambiri m'maboma a Palma, Mocímboa da Praia, Macomia, Muidumbe ndi Quissanga. Nthawi zina chasefukira m'zigawo zoyandikana: ku Mecula m'chigawo cha Niassa kumapeto kwa 2021, ndi ku Chipene m'chigawo cha Nampula mu Seputembala 2022, kumene sisitere wa Chikatolika wa ku Italy, Maria De Coppi, anaphedwa. Koma Tete ndi Beira zili kutali kwambiri ndi malo amenewa. Wopita ku Angónia kukaona abale ndi wopita ku Macomia sali pa ulendo wofanana.

Kupanda mantha sikutanthauza kulowa m'dera limene eni ake akuthawamo. Kumeneko musapiteko, ngakhale wina akulonjezeni phindu lalikulu. Safunsa anadya phula. Funsani madalaivala amene adutsa msewuwo sabata yomweyo, funsani ku ofesi ya kazembe, funsani eni dera. Akuluakulu athu amadziwa bwino zimenezi. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya Renamo ndi boma la Frelimo ili pachimake, magalimoto a katundu wa Malawi ankadutsabe ku Tete pakati pa Zóbuè ndi Nyamapanda, koma pa mdipiti, moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Ankayenda, koma pa nthawi yake ndi m'njira yake.

4. Kusamala kukasanduka chizolowezi, mtima umapuma

Amene anafikako ku Nairobi amadziwa mmene amalowera m'hotela kapena m'sitolo zikuluzikulu. Pageti mlonda amalowetsa kalilole womangidwa ku ndodo pansi pa galimoto, n'kutsegula buti. Pakhomo chikwama chimatsegulidwa, kachipangizo kamayendetsedwa m'mbali mwa thupi, n'kulira kakafika pa makiyi a m'thumba. Mlonda amamwetulira, mwini makiyi amawatulutsa, ulendo n'kumapitirira. Mkatimo ana akudya ayisikilimu. Palibe amene akunjenjemera, chifukwa kusechedwako kwangokhala mbali ya tsiku.

Kukonzekera kumapulumutsadi. Ku Westgate chipwirikiti chinatenga masiku anayi. Pamene zigawenga zinaukira hotela ya DusitD2 mu mzinda womwewo pa 15 Januwale 2019, anthu 21 anafa, koma oposa 700 anatulutsidwa amoyo ndipo pofika tsiku lotsatira zonse zinali zitatha. Dziko linali litaphunzirapo kanthu.

Woyenda aliyense angathe kuchita zochepa izi: kuuza achibale kumene wagona, kusunga foni ili ndi moto, kukhala ndi kope la pasipoti padera, ndi kuyang'ana khomo lachiwiri akalowa m'malo odzadza anthu. Apolisi a ku Britain, kumene kuli abale athu ambiri, amalangiza zinthu zitatu zikavuta: thawani ngati njira ilipo, bisalani ngati palibe ndipo foni muitseke mawu, kenako dziwitsani apolisi. Katundu musiyeni. Belo la zitenje mudzagula lina.

5. Foni yanu isawagwirire ganyu

Pa 15 Malichi 2019 munthu wina analowa m'mizikiti iwiri ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, n'kupha Asilamu 51 pa tsiku la mapemphero a Lachisanu. Iye ankaulutsa chiwembucho pa Facebook chikuchitika, ndipo kampaniyo inati inachotsa makope 1.5 miliyoni a kanemayo m'maola 24 oyamba. Makope onsewo sanawaike yekha. Anamuthandiza ndi anthu ena, ambiri a iwo ongodabwa chabe. Nduna yaikulu ya dzikolo pa nthawiyo, Jacinda Ardern, inalengeza kuti sidzatchula konse dzina la munthuyo, popeza kutchuka n'kumene ankafuna.

Kwathu kuno zoterezi zimabwera pa WhatsApp: mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika, wonena kuti mlamu wake wa ku polisi wamutsina khutu, omalizira ndi lamulo loti mutumize kwa aliyense amene mumamukonda. Mulibe dzina, mulibe tsiku, mulibe malo enieni. Zithunzi za mitembo ya ku dziko lina, za zaka zapitazo, zimabwera ngati za dzulo. Musanatumize, dzifunseni kuti wanena ndani, liti, ndipo wolandirayo achita nazo chiyani kupatula kusowa tulo. Ngati mwaonadi chinthu chokayikitsa, malo ake ndi ku polisi kapena kwa amfumu.

6. Mantha asakudanitseni ndi mnansi

Mu Disembala 2015 zigawenga za al-Shabaab zinaimitsa basi m'dera la Mandera, kumpoto chakum'mawa kwa Kenya, n'kulamula kuti Asilamu aime kwaokha, Akhristu kwaokha. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake, chifukwa miyezi ingapo m'mbuyomo, pa 2 Epulo, anthu 148 anali ataphedwa pa koleji ya Garissa, ndipo kumeneko zigawenga zinkasaka makamaka Akhristu. Asilamu a m'basimo anakana kupatuka. Amayi ena anavula mipango yawo n'kuveka anzawo achikhristu kuti asadziwike. Mphunzitsi wachisilamu, Salah Farah, anawomberedwa pa mkanganowo ndipo anamwalira mu Januwale 2016 ndi mabala omwewo. Anthu ambiri m'basimo anapulumuka chifukwa chokana kugawidwa.

Ku Cabo Delgado nako, ambiri mwa ophedwa ndi othamangitsidwa m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ndi Asilamu, ndipo atsogoleri ena a mizikiti ndi amene anayamba kuchenjeza boma za zigawenga za kumeneko nkhondo isanayambe. Ifenso tinalawako kuwawa kwa kukayikirana. Mu Juni 2003 amuna asanu achisilamu ochokera kunja anamangidwa ku Blantyre powaganizira kuti ndi a al-Qaeda, natulutsidwa m'dziko muno. Ku Mangochi kunabuka ziwawa, matchalitchi ena anaonongedwa, ndipo amunawo pambuyo pake anamasulidwa osazengedwa mlandu. Dziko lino lili ndi mabanja amene mchimwene amapita ku mzikiti, mlongo ku tchalitchi, maliro n'kumalirira limodzi. Bungwe la Public Affairs Committee lakhala likukhazika pamodzi atsogoleri a zipembedzo ziwirizi kuyambira mu 1992. Chuma chimenechi n'chofunika kuchisamala. Mukayamba kuyang'ana mkanjo kapena ndevu za mnzanu wa m'basi ndi diso lokayika, mwachita mwaufulu zimene anthu a ku Mandera anakana atalozedwa mfuti.

7. Mwana amene akusamalidwa savuta kumuteteza

Cabo Delgado ili ndi gasi wochuluka pafupi ndi Palma komanso miyala ya mtengo wapatali ku Montepuez, koma ndi chimodzi mwa zigawo zosaukitsitsa za Mozambique. Achinyamata ambiri anaona chuma chikudutsa pamaso pawo iwo alibe ntchito. Okopa anthu analowera pomwepo, ndi malonjezo a mpamba wa bizinesi, ntchito ndi maphunziro. Umphawi paokha supanga munthu kukhala wakupha, pakuti osauka ambirimbiri a kumeneko anakana ndipo ndi amene akuvutika. Koma mnyamata amene akuona kuti palibe womuwerengera amamvetsera aliyense womuitana ndi dzina lake.

Choncho chitetezo chimayambira pakhomo. Mwana akabwera ndi nkhani ya ntchito kapena sukulu yaulere kutali, makolo ndi amalume afunse: wakuitana ndani, ofesi yake ili kuti, pasipoti asunga ndani, amene anapitako kale akuti chiyani? Mafunso omwewa amatetezanso atsikana athu kwa ozembetsa anthu.

8. Wolimba mtima amakhala ndi malo a mnzake

Munthu wogwidwa mantha amadziganizira yekha. Pamene mabwato odzadza othawa nkhondo ankakocheza pa gombe la Paquitequete ku Pemba mu 2020, anthu atakhala masiku panyanja opanda madzi okwanira, eni mzindawo ndi amene ankawachingamira ndi tiyi ndi chakudya. Othawa ambiri sanakhale m'misasa. Anagona m'nyumba za abale ndi za anthu osawadziwa n'komwe, mabanja angapo pa denga limodzi. Kwa ife izi si zachilendo. Nkhondo ya ku Mozambique isanathe ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, Malawi anasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ku Nsanje, ku Ntcheu, ku Dedza ndi m'maboma ena a m'malire. Makolo athu sanali olemera, ndipo nkhondoyo ankaimva kulira tsidya lina la msewu, koma anagawa minda ndi madzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Asilikali ali ndi ntchito yawo. Mu Ogasiti 2021 ankhondo a Rwanda ndi a Mozambique analandanso Mocímboa da Praia patatha chaka tauniyo ili m'manja mwa zigawenga. Koma msilikali sangatsegule okala, sangaphunzitse kalasi, sangakwere basi m'malo mwanu. Westgate inatsegulidwanso mu Julayi 2015 ndipo koleji ya Garissa mu Januwale 2016, chifukwa panapezeka ogulitsa, aphunzitsi ndi ophunzira ovomera kubwerera pamalo pamene anzawo anafera. Mantha anali nawo ndithu, koma sanawalole kuti awasankhire zochita. Kwa inu ndi ine ntchito ndi yomweyo: kufunsa bwino za njira, kutsanzika kunyumba, kupempherera ulendo aliyense monga mwa chipembedzo chake, n'kunyamuka.