Phunziro 23: Kalata ya Yeremiya kwa Okhala m'Dziko la Eni

Mau owerenga: Yeremiya 29:1-14
Vesi loloweza pamtima: Yeremiya 29:7
Cholinga: Ana adziwe kuti Mulungu satsalira pa malire a dziko, ndipo kuti banja lachikristu likasamukira kunja liyenera kukhazikika ndi kutumikira Ambuye komweko.

Mau kwa mphunzitsi

Musanatsegule Buku Lopatulika, funsani ana kuti: "Ndani mwa inu ali ndi mbale wake ku Joni, ku Zambia kapena ku Tanzania?" Kuno ku Wenya mudzaona manja ambiri ali m'mwamba. Ife sitili kutali ndi malire, pakuti kuseri kwa mapiri a Mafinga ndi ku Zambia. Agogo athu ankayenda pansi kupita ku migodi ya ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya. Ena analembedwa ndi Wenela kunka ku Johannesburg. Masiku amenewo ankapita ndi amuna okha. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha anthu athu oposa 70, ndipo boma linaletsa kulemba anthu kwa zaka zingapo. Koma ulendo wa ku Joni sunathe. Chimene chasintha ndi ichi: lero bambo akapeza pogona amaitana mai ndi ana. Mwana amene mukumphunzitsa Sabata lino, mwina chaka chamawa adzakhala pa sukulu imene palibe wodziwa Chitumbuka kapena Chichewa.

Banja lina laling'ono la mu mpingo wathu linachoka chomwechi. Mwamuna anatsogola, napeza ntchito yosamalira maluwa pa nyumba ya munthu. Patapita chaka, mkazi ndi ana awiri anamtsata pa basi, kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Tsiku lotsazikana ndinawafunsa ngati atenga kalata ya mpingo. Maiyo anaseka nati, "A mkulu, sitikukakhalitsa ai. Tikangopeza ya malata tibwera." Zaka zinapita zisanu. Kalata sanatenge, ku tchalitchi sanalowe chifukwa ankati si kwao, ndipo mwana wachitatu anabadwa osabatizidwa. Sanali anthu oipa konse. Anali anthu okhala ngati ali pa depoti, katundu ali m'manja.

Nkhani ya m'Buku Lopatulika

M'chaka cha 597 Kristu asanabadwe, Nebukadinezara mfumu ya ku Babulo anatenga mfumu Yekoniya, mai wake, akuluakulu a dziko, amisiri ndi osula zitsulo, napita nao ku Babulo. Fotokozerani ana kuti awa sanapite mwa kufuna kwao monga abale athu; anatengedwa ukapolo. Komabe chisoni cha mlendo nchimodzi. Chakudya chinali chachilendo, chilankhulo chachilendo, ndipo Kachisi anali atatsala ku Yerusalemu. Ambiri anaganiza kuti Yehova naye watsala komweko. Salmo 137 likutionetsa m'mene kuimba kunawakanikira.

Pamenepo panauka aneneri onyenga. Mmodzi wa iwo, Hananiya, analonjeza ku Yerusalemu kuti pasanathe zaka ziwiri onse adzabwerera (onani mutu 28). Mau otere amakoma m'khutu. Munthu amene akhulupirira kuti achoka mawa sadzala mtengo, sakonza denga, ndiponso sasamala kudziwa dzina la mnansi wake.

Yeremiya anali atatsala ku Yerusalemu. Iye analemba kalata, naipatsira Elasa ndi Gemariya, amithenga amene mfumu Zedekiya anawatuma ku Babulo. Uthenga wake unali wowawa: ukapolo udzatha zaka 70. Tsono anawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kukwatitsa ana ao. Pano imani pang'ono, chifukwa mau otsatirawo ndiwo mtima wa phunziro lathu. Anawauza kuti afunire zabwino mudzi wa Babulo, ndi kuupempherera kwa Yehova. Mudzi wa adani ao! Chifukwa chake nchakuti mtendere wa mlendo uli m'kati mwa mtendere wa dziko limene akhalamo. Nyumba ya mnansi ikapsa, yako siikhala bwino.

Onani kuti Yeremiya sanawauze kuiwala kwao. M'kalata yomweyo muli lonjezo lakuti Mulungu adzawabweza, ndipo zinachitikadi pamene Koresi mfumu ya ku Perisiya anawalola kubwerera. Danieli anagwira ntchito ya boma la Babulo mokhulupirika, koma popemphera mazenera ake ankaloza ku Yerusalemu. Ana amvetse kuti kukhazikika ndi kutchona ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mtchona amaiwala makolo ndi Mulungu yemwe. Wokhazikika amamanga kumene ali, osaleka kukumbukira kumene anachokera.

Zimene makolo athu anachita

Ana asaganize kuti izi ndi za Ayuda okha. Mu 1925 anthu ogwira ntchito ku migodi ya ku Copperbelt, ambiri mwa atsogoleri ao ochokera ku Nyasaland, anayamba okha mpingo wotchedwa Union Church. Sanadikire mishoni. Anasankha akulu a mpingo, nasonkha ndalama, namanga mopempherera. Mpingo umenewo ndi umodzi mwa mizu ya United Church of Zambia, imene inakhazikitsidwa mu 1965. Ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, anthu athu anapempha mbusa kwao, ndipo mu 1912 Mbusa T.C.B. Vlok anapita kukawatumikira. Kuchokera pamenepo panabadwa Sinodi ya Harare ya C.C.A.P. Anthu amenewa anali a m'khichini, a m'munda ndi a mu mgodi. Akadanena kuti "sitikukhalitsa," mipingo imeneyi sikadakhalapo.

Tisabise kuti nkovuta. Mu 2008 ndi mu 2015 alendo anamenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'madera ena a ku South Africa, ndipo Amalawi ambiri anabwera kwao chimanjamanja. Mwana wamkulu akhoza kukufunsani kuti, "Kodi tipempherere anthu amene anaotcha nyumba ya amalume?" Musamkalipire, ndiponso musamyankhe mothamanga. Muuzeni kuti Ayuda aja anali ndi chifukwa chachikulu chodera Ababulo, koma Mulungu anawalamulabe kupemphera. Muuzenso kuti m'masiku omwewo panali eni dziko ena, ndi mipingo ina, amene anabisa alendo ndi kuwadyetsa.

Pali chinthu china chimene ine ndimachinena poyera, ngakhale ena sakondwa nacho. Kufunira dziko zabwino kumayamba ndi kulowamo pa khomo. Banja lopita ndi ana litenge pasipoti, zilolezo ndi zikalata za kubadwa kwa anawo. Popanda zimenezi mwana amavutika kupeza malo pa sukulu, ndipo makolo amakhala moyo wothawathawa. Munthu wobisala sangaimbe kwaya momasuka.

Banja lija la kwathu linathandizidwa ndi mai wina wa Chizulu, mnansi wao, amene anayamba kutenga ana kupita nao ku Sande Sukulu ya mpingo wake. Ana atayamba kuimba nyimbo za kumeneko pa nyumba, manyazi anagwira makolo. Analemba kuno kupempha kalata ya mpingo, ndipo Sesoni inatumiza. Ndamva kuti bamboyo tsopano ndiye amatsegula tchalitchi m'mawa ndi kukonza mipando. Malata aja anagula, ndipo nyumba ya amai ake yafoleredwa.

Mafunso

1. Nchifukwa ninji mau a Hananiya anali okoma koma oononga?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene Yeremiya anauza anthu a ku Babulo kuti achite.
3. Kodi mtchona amasiyana bwanji ndi munthu wokhazikika?
4. M'mudzi mwathu muli alendo ochokera kwina? Tawalandira motani?

Pa funso lachinai khalitsanipo. Ana ena amaseka mnzao amene walankhula Chilambya kapena Chinyakyusa m'kalasi. Akumbutseni kuti mbale wao ku Joni akusekedwa chimodzimodzi.

Ntchito

Mwana aliyense atchule dzina la mbale mmodzi amene ali kunja, ndi mudzi umene akhala. Lembani maina a midziyo pa bolodi. Potseka, pemphererani abalewo, kenaka pemphererani midzi yomweyo ndi olamulira ake, umodzi umodzi. Samalani ana amene atsala ndi agogo, makolo ali kunja; ena adzalira, ndipo musawaumirize kulankhula. Ngati m'kalasi mwanu muli mwana amene ali pafupi kusamuka, mlembereni kakalata kosonyeza kalasi imene wafika ndi mavesi amene waloweza, kuti akapereke kwa mphunzitsi wa kumeneko. Dziwitsaninso mkulu wa mpingo wa dera lanu msanga, kuti akaone makolo ake za kalata ya mpingo asanakwere basi.