Lamulo ligwire wotseka khomo

Kumapeto kwa Epulo 2024, ophunzira otsutsa nkhondo ya ku Gaza anakhoma mahema pakati pa yunivesite ya UCLA, mumzinda wa Los Angeles, n'kutchinga malowo ndi matabwa. Zionetsero zotere ku America si zachilendo. Chomwe chinaipa n'choti oimirira pazipata anayamba kusankha wodutsa ndi wobwerera, ndipo ophunzira ena achiyuda anabwezedwa panjira ya ku makalasi ndi ku laibulale chifukwa sanalole kukana dziko la Israel. Akuluakulu a sukulu ankangoyang'ana. Ophunzira atatu anakamang'ala kukhoti, ndipo mu Ogasiti woweruza Mark Scarsi analamula kuti yunivesite isapitirize kupereka maphunziro pamalo pomwe ikudziwa kuti Ayuda atsekeredwa kunja.

Vutoli lilipo, ndipo wolichepetsa akunama. Mu Okutobala 2023, patangopita milungu yochepa Hamas itapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel, wophunzira wa pa yunivesite ya Cornell analemba pa intaneti kuti akawombera nyumba yomwe ophunzira achiyuda amadyeramo. Anamugamula kukakhala kundende miyezi 21. Pa 5 Disembala chaka chomwecho, phungu Elise Stefanik anafunsa atsogoleri a Harvard, Pennsylvania ndi MIT ngati kuitanira anthu kuti apulule Ayuda n'kuphwanya malamulo a sukulu zawo. Onse anazungulira, nati zimatengera momwe zachitikira. Mwina maloya anawalangiza choncho, koma mwana wachiyuda womvera kunyumba anamva kuti moyo wake ndi wokambirana. Liz Magill wa ku Pennsylvania anatula pansi udindo patangopita masiku anayi, Claudine Gay wa ku Harvard anatsatira mu Januwale.

Tsono funso n'lakuti lamulo ligwire chiyani. Lamulo lalikulu lomwe lilipo ndi gawo la Title VI la Civil Rights Act ya 1964. Limaletsa sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu kapena dziko lochokera. Chipembedzo sichinatchulidwemo. Kuyambira 2004 unduna wa maphunziro wakhala ukunena kuti Ayuda, Asilamu ndi Asikh ndi otetezedwa akamazunzidwa chifukwa cha mtundu wa makolo awo, koma uku n'kumasulira kwa ofesi chabe, ndipo boma lina likhoza kubwera n'kumasulira mwina. Mpata uwu aphungu akanatha kuutseka ndi chiganizo chimodzi.

Iwo anasankha njira ina. Pa 1 Meyi 2024 nyumba ya House of Representatives inavomereza bilu ya Antisemitism Awareness Act ndi mavoti 320 kwa 91, ngakhale ku Senate sinapitirire chaka chimenecho. Biluyo imafuna kuti ofufuza madandaulo azigwiritsa ntchito tanthauzo la chidani cha Ayuda lomwe bungwe la International Holocaust Remembrance Alliance linavomereza ku Bucharest mu 2016. Tanthauzolo lili ndi zitsanzo 11, ndipo zisanu ndi ziwiri zikukhudza Israel. Zina n'zomveka bwino: kuimba mlandu Myuda aliyense pa zochita za boma la Israel ndi tsankho lenileni, ndipo ndi chimene chinachitika pazipata za UCLA. Koma china chimatchula kunena kuti kukhalapo kwa dziko la Israel ndi ntchito ya tsankho, china kuyerekeza mfundo za boma la Israel ndi za chipani cha Nazi. Mawu otere amapweteka, kawirikawiri ndi opanda chilungamo, ndipo ine sindingawalankhule. Komabe wophunzira wa ku Palestine yemwe agogo ake anathamangitsidwa pamudzi mu 1948 ali ndi ufulu wowanena m'kalasi ya mbiri, ndipo mnzake wachiyuda ali ndi ufulu womuyankha ndi umboni. Yunivesite inamangidwira mkangano wotero.

Kenneth Stern, yemwe anatsogolera kulemba tanthauzoli zaka za m'ma 2004 ali ku American Jewish Committee, wakhala akuchenjeza kuti analilembera anthu owerenga kuchuluka kwa milandu ya chidani ku Ulaya, osati kuti likhale muyeso wa zolankhula pasukulu. Phungu Jerry Nadler, Myuda wa ku New York, anavota kukana biluyo pa chifukwa chomwecho. Anthu awa sakusekerera chidani. Akudziwa kuti mkulu wa sukulu woopa kutaya ndalama sadikira chigamulo cha khoti, amangoletsa msonkhano ndi kuchotsa phunziro, nkhani isanafike patali.

Zomwe zinachitika mu 2025 zinaonetsa kuti mantha awo sanali opanda pake. Mu Malichi boma la Donald Trump linalanda yunivesite ya Columbia thandizo la madola 400 miliyoni, ndipo mu Epulo linaimitsa madola oposa 2 biliyoni a Harvard. Zambiri mwa ndalamazi zinali za kafukufuku wa sayansi ndi zamankhwala, ndipo ena mwa ofufuza omwe ntchito zawo zinaima ndi Ayuda. Mu Seputembala woweruza Allison Burroughs anagamula kuti boma linalakwira lamulo, ndi kuti nkhani ya chidani cha Ayuda inangokhala chophimbira zolinga zina, ngakhale ananenanso poyera kuti Harvard inachedwa kuthana ndi chidanicho. Mu Malichi muja, boma linatseka maofesi asanu ndi awiri mwa 12 a nthambi ya unduna wa maphunziro yomwe imafufuza madandaulo a tsankho. Apa mtima wanga umawawa: dandaulo la mwana wotukwanidwa kuhositelo lasowa wolitsegula, pomwe dzina la mtundu wake likumveka m'nkhani tsiku ndi tsiku.

Ife ku Malawi tikudziwa zomwe zimachitika boma likayamba kutchera khutu m'kalasi. Mu 2011 mkulu wa apolisi anaitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga pa chitsanzo chomwe anapereka pophunzitsa ku Chancellor College, ndipo maphunziro anasokonekera miyezi yambiri.

Lamulo lothandiza wophunzira wachiyuda ndi loyang'ana zochita. Kumutchingira njira, kumuopseza, kulemba chizindikiro cha Nazi pachitseko chake, kumuchotsa m'bungwe la ophunzira kapena kumudula malikisi chifukwa ndi Myuda, zonsezi zitchulidwe momveka kuti ndi milandu. Chipembedzo chilembedwe mu Title VI kuti chitetezo chisadalire yemwe ali pampando. Sukulu ikakamizidwe kukhala ndi munthu wodziwika wolandira madandaulo, kuyankha m'masiku oikika, ndi kulengeza chaka ndi chaka kuchuluka kwa madandaulo ndi momwe anathera. Chilango chidze pambuyo pa kufufuza ndi kumva mbali zonse, monga Title VI imanenera kale, ndipo chigwere nthambi yomwe yalakwayo. Wophunzira wachisilamu wovulidwa mpango kumutu adandaule pa ofesi yomweyo, ndipo ayankhidwe m'masiku omwewo.